Zimene amatinena ife a kuchigwa: zoona ndi ziti?

Ukatsika zitunda za ku Thabwa n'kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, mphepo imasintha, imakhala ngati wina watsegula kukamwa kwa uvuni wa njerwa. Upitirire kudutsa nzimbe za ku Nchalo, kenako Ngabu ndi Bangula. Usanafike pa boma la Nsanje upeza Tengani, ndiko kwathu. Kum'mawa kuli mtsinje, tsidya lake ndi Mozambique. Kumadzulo kuli mapiri a Matandwe, ndipo ukawapitirira ukapezanso Mozambique yemweyo.

Ndinachoka kuno koyamba nditasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, kumtunda. Tsiku loyamba mnzanga wa m'chipinda anandibwereka ndowa, ine n'kunena kuti "takhuta," pakuti m'Chisena ndiko kuthokoza kwake. Chipinda chonse chinafa nacho chiseko, ati wakhuta chiyani, wadya ndowayo? Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linaiwalika, ndinangokhala "Msena uja," ndipo dzinalo linkabwera ndi mtolo wake. Mafunso ali m'munsiwa ndakhala ndikufunsidwa zaka zonsezi, ena mwachipongwe, ena ndi mtima wofunadi kudziwa. Ndiwayankha onse, ndipo pamene pali choona chowawa sindichibisa.

Kodi aliyense wochokera ku Lower Shire ndi Msena?

Ayi. Eni nthaka akale m'chigwa chino ndi Amang'anja, nthambi ya Amaravi, abale awo a Achewa. Mfumu yawo yaikulu ndi Lundu wa ku Chikwawa, ndipo ufumu wa Tengani nawonso ndi wa Chimang'anja, ngakhale kuti anthu ambiri amene mfumuyi imawalamulira lero amalankhula Chisena. Palinso zidzukulu za Amakololo, amene anabwera ndi David Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi n'kukhazikika ku Chikwawa m'zaka za m'ma 1860. Maufumu a Kasisi, Katunga ndi Maseya anachokera kumeneko. Onjezanipo Alomwe ndi ena amene anatsata ntchito ya nzimbe.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 300,000 ku Nsanje ndi oposa 560,000 ku Chikwawa. M'dziko lonse Asena anali 3.8 peresenti, Amang'anja 3.2 peresenti. Kusiyana kwawo kumaonekera bwino pa ukwati. Kwa Amang'anja mwamuna amakalowa chikamwini ndipo ana ndi a kuchikazi, pamene kwa Asena mwamuna amapereka chuma, mkazi amapita kwa mwamuna, ana n'kukhala a bambo. Koma mitunduyi yakwatirana kwa zaka zoposa zana. Agogo anga aakazi anali Mmang'anja, aamuna Msena, ndipo mabanja otere ali mbwee m'midzi yathu.

Nanga zoti Asena ndi a ku Mozambique, si Amalawi enieni?

Zoti makolo awo anachokera kumeneko ndi zoona. Dzina lenilenilo likuchokera ku tauni ya Sena, m'mphepete mwa Zambezi, kumene Apwitikizi anakhazikika m'zaka za m'ma 1500. Anthu a mitundu yosiyanasiyana a m'dera limenelo, monga Apodzo, Abarwe ndi Achikunda, atafika kuno anangotchedwa onse Asena. Ambiri anayamba kulowa m'zaka za m'ma 1890, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndipo anachuluka kwambiri nkhondo ya Makombe ya mu 1917 itagonjetsedwa. Anapeza chigwa chili ndi malo, chifukwa njala yoopsa ya mu 1862 ndi 1863 pamodzi ndi ogwira akapolo zinali zitapululutsa Amang'anja ambiri. Mafumu a Chimang'anja anawalandira n'kuwapatsa minda.

Koma funsoli tilitembenuze. Malire amene akutilekanitsa ndi Mozambique anakhazikitsidwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, ndipo kuyambira pa Chiromo kutsika anangotsata mtsinje umene anthu ankaoloka tsiku ndi tsiku pa bwato. Angoni anachokera kumwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1800. Ayao anachokera kumpoto kwa Mozambique. Alomwe ambiri analowa m'dziko muno nthawi imodzimodzi ndi Asena, kuthawa Mpwitikizi yemweyo. Ngati kufika mu 1900 kumachotsera munthu Umalawi, ndiye kuti dziko lino latsala ndi eni ochepa kwambiri. Pamene Malawi ankalandira ufulu mu 1964, Asena anali atakwirira kale agogo awo m'manda a ku Port Herald, dzina lakale la Nsanje.

Chimene chinalimbitsa maganizo oti Asena ndi alendo ndi nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Malawi ankasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo misasa ikuluikulu ngati Mankhokwe ndi Nyamithuthu inali ku Nsanje kuno. Mlendo ndi mwini mudzi ankalankhula chilankhulo chimodzi, ena anali pachibale chenicheni, motero wa kumtunda sankatha kuwasiyanitsa. Mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992 ambiri anabwerera. Kumapeto kwa 2024, chipwirikiti chitabuka pambuyo pa chisankho cha ku Mozambique, mabwato anadzazanso, anthu n'kufikira pa Tengani pompano asanawapititse ku Nyamithuthu. Anthu amene amanenedwa kuti ndi alendo ndiwo akhala akulandira alendo m'malo mwa dziko lonse.

Kodi Chisena si Chichewa chongokhota?

Ndi chilankhulo pachokha, chimene ku Mozambique chimalankhulidwa ndi anthu oposa miliyoni imodzi, kuyambira ku Mutarara mpaka mumzinda wa Beira. Chimafanana ndi Chichewa monga amachitira ana a mimba imodzi. Mchewa akati zinthu, Msena amati pinthu. Kulankhula ndi kulonga, nkhani ndi mphangwa, ayi ndi nkhabe. Mayina ngati Zuze ndi Dimingu ndi zipsera za zaka mazana angapo zokhala pafupi ndi Apwitikizi.

Chinaoneka chonyozeka chifukwa cha ndale. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha Kongeresi unasankha Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko, ndipo zilankhulo zina zinatsekeredwa kunja kwa kalasi ndi wailesi. Mwana wa ku Tengani ankayamba Sitandade 1 m'chilankhulo chimene sankalankhula kunyumba, akalakwitsa n'kumasekedwa. Nkhani za m'Chisena zinayamba kumveka pa MBC m'zaka za m'ma 1990, ulamuliro wa zipani zambiri utabwera. Lero tili ndi wailesi zathu monga Nyanthepa ndi Gaka, ndipo oimba ngati malemu Joseph Tembo anavinitsa dziko lonse m'Chisena chomwecho.

Bwanji amakana kusamuka kumadzi osefukira? Si kuti amadikira thandizo?

Limeneli ndilo limandipweteka kuposa onse, chifukwa limanenedwa nthawi imene tikulira maliro. Mu Januwale 2015, pa namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022, wa Freddy mu 2023, madzi asanaphwe n'komwe mawu anali atayamba kale m'maminibasi a mu Limbe: "Anthu amenewa anazolowera zaulere."

Tiyeni tiwerengere. Banja likakokoloredwa limataya nyumba, mbuzi, nkhuku, mbewu ya chaka chamawa, mabuku a ana, nthawi zina mwana weniweniyo. Limakakhala mu kalasi ya sukulu kapena mu tenti, amayi kwaokha abambo kwaokha, kwa milungu kapena miyezi. Chimene limalandira ndi thumba la ufa, nyemba pang'ono, ndowa, bulangete ndi pepala la pulasitiki. Palibe munthu wamutu wake amene angagulitse mbuzi zisanu ndi nyumba pa mtengo wa ndowa.

Chifukwa chenicheni chili m'nthaka. Chigwa chino chili ndi minda ya mitundu iwiri. Kuli mphala, munda wa kumtunda wodalira mvula, ndipo kuli dimba, munda wa m'mphepete mwa mtsinje ndi m'madambo a Ndindi ndi Elephant Marsh. Mvula ya kuno ndi yochepa ndiponso yosadalirika. Imatha kugwa sabata imodzi n'kusowa milungu itatu, dzuwa likuwotcha kupitirira madigiri 40. Chimanga cha ku mphala chimapserera chisanamasule, n'chifukwa chake makolo ankadzalako mapira ndi mchewere. Dimba ndi nkhani ina. Madzi akaphwa amasiya dothi lakuda lonona, lonyowa mpaka pansi. Ndimakumbukira mayi anga akuponda m'matope ofika m'mawondo mwezi wa Meyi, akuboola ndi ndodo n'kuponyamo njere zitatu, osathira feteleza ngakhale chibakera chimodzi. Pofika Seputembala, pamene kumtunda fumbi lili koboo, ife tinkakazinga mondokwa, kukumba mbatata, kuthyola nyemba ndi maungu. Madzi amene amagwetsa nyumba mu Januwale ndi omwewo amene amadzaza nkhokwe mu Okutobala. Ukauza munthu kuti achoke kumadzi, iye amamva kuti achoke pa chakudya.

Palinso za ufumu ndi manda. Nyakwawa ikasamutsidwira m'dera la mfumu ina imasanduka munthu wamba, ndipo anthu ake amakhala obwera, opempha malo. Ndi zimenezi zimene zapangitsa kuti nkhani yosamutsa anthu a kwa Nyachikadza, amene amakhala pakati pa dambo la Ndindi, ikhale ikubwererabwerera kwa zaka zambiri osatha.

Pali mbali ina imene a kumtunda sakonda kuimva. Shire ndi mtsinje wokhawo wotulutsa madzi m'nyanja ya Malawi, ndipo Ruo amatsika ndi madzi a ku Mulanje n'kudzathira pa Chiromo. Mitengo ikatha m'mapiri a Thyolo, Mulanje, Mwanza ndi Neno, makala ake akapsa m'mbaula za mu Blantyre, mchenga wake umadzakwirira mitsinje yathu. Mtsinje wokwiririka susunga madzi, umangomwaza. Nafenso tili ndi mlandu wathu, pakuti tadula Matandwe, ndipo timitsinje ngati Lalanje ndi Nyamadzere tikusefukira msanga kuposa kale.

Kodi palibe choona m'funsoli? Chilipo. Malo ena, monga mbali zina za ku Makhanga kumene Ruo anasintha njira mu 2015, salinso oti munthu n'kugonekapo ana, ndipo amene amaumirira pamenepo amaika miyoyo pachiswe. Ziliponso zoti pa kalembera wa olandira thandizo pamalowa mayina osayenera, monga zimachitikira kulikonse kumene kukugawidwa zinthu m'dziko muno. Koma mabanja ambiri anapeza kale njira yawo, kumanga nyumba kumtunda n'kumatsikira ku dimba nthawi yolima. Kumene anthu apatsidwa malo okhala ndi mjigo, sukulu, ndi mtunda woti n'kuyenda wapansi kukafika kumunda, asamuka. Kumene angopatsidwa thengo louma, abwerera.

Amati anthu a kuchigwa ndi aulesi, masana onse ali gone pansi pa mtengo. Zoona?

Wodutsa pa galimoto 12 koloko masana amaonadi anthu ali pansi pa mitengo ya nimu. Chimene saona n'chakuti anthuwo analowa m'munda nyenyezi zikadali kumwamba n'kuweruka dzuwa lisanakwere, ndipo abwereranso likapendeka. Mwezi wa Okutobala kuno khasu limatentha m'manja. Kulima masana si khama, ndi kudzipha.

Mbiri ikukana ulesi umenewu. M'nthawi ya atsamunda chigwa chino ndicho chinali nkhokwe ya thonje la Nyasaland, lolimidwa ndi alimi wamba, mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 pamene Shire anakwera n'kumiza madimba ambiri. Amuna ochuluka anapita kukagwira ntchito ku Beira ndi ku Southern Rhodesia, pa njanji yomwe inkaoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene unatha mu 1935. Shuga amene mumathira mu tiyi, wina mwa iye amachokera ku Nchalo, kumene nzimbe zinayamba kulimidwa pakati pa zaka za m'ma 1960. Nyama yambiri ya ng'ombe ndi mbuzi yodyedwa mu Blantyre imakwera kuchokera ku Ngabu ndi Bangula.

Dzina lina limene amatipatsa, la uliuma, linakula m'zaka za m'ma 1950, pa chimene akuluakulu amachitcha nkhondo ya mitumbira. Boma la atsamunda linalamula kuti aliyense aziunda mizere, lamulo lopangidwira minda yotsetsereka ya kumapiri. Alimi a kuno ankadziwa kuti pa nthaka yathyathyathya ndi yotentha mzere umauma msanga kuposa pansi, ndipo anakana. Mfumu Molin Tengani inaima mbali ya boma n'kumalanga okana, ndipo anthu anaida kwambiri chifukwa cha zimenezo. Katswiri wa mbiri Elias Mandala anazilemba bwino m'buku lake la mu 1990 lonena za chigwa chino. Amene ankatchedwa osamva aja ankangoidziwa nthaka yawo kuposa mlangizi.

Kodi n'zoona kuti mumadya mizu ya m'madzi?

Inde, dzina lake ndi nyika. Ndi timizu tobulungira ta kakombo wa m'dambo, takuda kunja. Amatiphika, kapena kutiyanika n'kusinja ufa. Sichakudya chonyaditsa ayi, chimawawira, ndipo munthu amachidya chifukwa nkhokwe yauma. Amayi amalowa m'madzi ofika m'chifuwa, kufufuza ndi zala za kumapazi m'matope, kenako n'kumira kukazula. M'madzi omwemo muli ng'ona. Mukamva pa wailesi kuti ku Nsanje anthu ayamba kudya nyika, musaseke, dziwani kuti njala yafika posauzana. Nthawi yabwino chakudya chathu ndi nsima ya mapira kapena ya chimanga, ndiwo zake mlamba wowamba kapena makakana, ndipo ana amatsekemeretsa kukamwa ndi masawu ndi malambe.

Nanga za afisi ndi kulowa kufa? Dziko lonse linamva.

Linamvadi. Mu Julaye 2016 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya bambo wina wa ku Nsanje, mmodzi wa otchedwa afisi, amene anavomera kuti ankalipidwa kuti agone ndi amayi amasiye ndi atsikana ongotha msinkhu, iye akudziwa kuti ali ndi kachilombo ka HIV. Pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti amangidwe, ndipo mu Novembala chaka chomwecho khoti linamugamula zaka ziwiri pogwiritsa ntchito lamulo la mu 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, limene limaletsa miyambo yovulaza.

Sindinganame kuti mwambowu ndi bodza la azungu. Kulowa kufa, kumene ena amati kupita kufa, kunalipo ndipo m'midzi ina kumachitikabe mobisa. Chikhulupiriro chake n'chakuti imfa imasiya chidetso pamudzi, ndipo mkazi wamasiye akapanda kugonedwa, anthu a pabanjapo adzatupa, kutsokomola, n'kumwalira mmodzimmodzi. Mayi amene wangoika mwamuna wake m'manda amauzidwa kuti moyo wa ana ake uli m'manja mwake. Kumeneko si kuvomera, ndi kukakamizidwa ndi mantha. Mwambowu wafalitsa matenda, wachotsera amayi ulemu, ndipo pamene wakhudza mwana wamng'ono ndi kugwiririra basi, palibe dzina lina. Ndikufuna uthe, ndipo ndikudziwa amayi ambiri a kwathu amene akufuna chimodzimodzi.

Chimene ndikukana ndi kutenga mlandu wa anthu ena n'kuupachika pa mtundu wonse. Nkhani ija itamveka, mtsikana aliyense wa ku Nsanje wophunzira kumtunda ankayang'anidwa ndi diso lofunsa, ndipo mnyamata aliyense ankatchedwa fisi. Chikhalirecho mabanja ochuluka, makamaka opemphera, anausiya kalekale. Ena anausintha, mwambo n'kumachitidwa ndi banja lokwatirana la pachibale m'nyumba mwawo, kapena ndi mankhwala azitsamba okha. Mafumu akhazikitsa malamulo a m'midzi olipiritsa ochita zimenezi. Amene anayamba kulimbana nazo si mtolankhani wa BBC wochokera ku London, koma amayi a m'mipingo, aphunzitsi, azaumoyo ndi magulu a anthu amene ali ndi HIV a konkuno, zaka zambiri iye asanabwere.

Tisaiwalenso kuti chigwa sichili chokha. Fisi wa kuchinamwali amadziwika m'maboma ena a pakati ndi kumwera, kusasa fumbi kumanenedwa m'madera ambiri, chokolo chili kumpoto, kupimbira kuli ku Karonga ndi Chitipa. Pamene Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18, sinkakonzera Nsanje yekha. Kuloza chala kuchigwa kumapatsa ena mpumulo woti asayang'ane kuseri kwa nyumba zawo. Ndipo manyazi oponyedwa pa mtundu wonse sathetsa mwambo, amangouthamangitsira mumdima, kumene mkazi wamasiye alibe womumva.

Amati kuchigwa kuli ufiti woopsa, anthu amaweta ng'ona. Mukutipo bwanji?

Ng'ona zilipo zambiri, ndipo zimapha anthu chaka ndi chaka: asodzi, amayi otunga madzi, ana osamba, okazula nyika aja. Munthu akagwidwa pamalo pamene anzake khumi anadutsa bwinobwino, mtima umafunsa kuti bwanji iyeyu, ndipo yankho lapafupi limakhala lakuti ng'onayo inatumidwa. Anthu ambiri kuno amakhulupirira zimenezo, sindikana. Koma chikhulupiriro cha ufiti chili m'dziko lonse. Agogo anayi amene anaphedwa mu Januwale 2016 powaganizira ufiti anali a ku Neno. Mphekesera za anamapopa za mu 2017 zinayambira ku Mulanje ndi Phalombe zisanafalikire kwina. Chimene chingachepetse imfa za ng'ona ndi mijigo yokwanira kuti amayi asamapite kumtsinje, ndi chakudya chokwanira kuti asamalowe m'dambo.

Ena amasokoneza ufiti ndi chipembedzo cha Mbona. Kachisi wa Mbona ali m'nkhalango ya Khulubvi, pafupi ndi boma la Nsanje, ndipo chipembedzochi ndi chimodzi mwa zakale kwambiri m'chigawo chino cha Africa. Kumeneko anthu amakapempha mvula, sakalodza munthu. Wansembe wa Chikatolika Matthew Schoffeleers, amene anakhala zaka zambiri m'chigwa chino, analemba buku lonse lonena za Mbona, lotuluka mu 1992. Mafumu a Chimang'anja, Tengani ali m'gulu lomwelo, ali ndi udindo wawo pa kachisiyu kuyambira kalekale, ndipo nkhalango ya Khulubvi yatsala yobiriwira chifukwa palibe amene amayerekeza kudulamo mtengo.

Nanga zoti ndi anthu otsalira pa sukulu?

Apa pali choona. Chikwawa ndi Nsanje ali m'gulu la maboma amene ana ambiri, makamaka atsikana, samaliza sukulu, ndipo maukwati a ana akadalipo. Chuma cha ukwati chimakopa kholo losauka kuti lipereke mwana msanga. Zimenezi ndi zathu, tiyenera kuzikonza tokha.

Koma nzeru sizinathere pa Thabwa. Mwana wa kuno amataya milungu ya maphunziro chaka chilichonse chimene kalasi yake yasanduka msasa wa othawa madzi. Aphunzitsi ndi anamwino ambiri akatumizidwa kuno amakuona ngati kuchilango, ndipo amayamba kulemba kalata yopempha kusamuka asanamasule katundu. Njanji imene inkatilumikiza ndi Blantyre inaduka pa Chiromo mu 1997 madzi atakokolola, ndipo masiteshoni anakhala zaka zambirimbiri akumera udzu. Doko la Nsanje linatsegulidwa ndi chisangalalo chachikulu mu Okutobala 2010, koma sitima zonyamula katundu sizinabwere. Dera likamalandira malonjezo ochuluka chotere ndi zinthu zochepa chotere, zipatso zake zimaoneka pa zotsatira za mayeso. Ngakhale zili choncho chigwa chatulutsa aphunzitsi, madokotala, ansembe, oweruza milandu ndi andale. Malemu Gwanda Chakuamba, amene kuno ankangotchedwa Mbuya, anatsala pang'ono kulowa ku nyumba ya boma pa chisankho cha 1999.

N'chifukwa chiyani ena a inu mumabisa kwanu mukakhala m'tauni?

Chifukwa kusekedwa kumatopetsa. Chichitikire za "takhuta" zija, ine ndinakhala zaka zinayi za ku sekondale osatulutsanso liwu limodzi la Chisena, ndipo wina akandifunsa kwathu ndinkati ku Chikwawa, poganiza kuti kumeneko kuli pafupiko ndi Blantyre. Nditabwerera pa tchuthi china ndinayankha agogo anga m'Chichewa cha m'tauni. Sanakalipe. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kufunsa mayi anga ngati mlendoyu adya nawo nsima ya mapira. Mawu amenewo sanandichoke mpaka lero. Ndikudziwa mabanja mu Ndirande ndi ku Area 25 amene ana awo sadziwa ngakhale kupereka moni m'chilankhulo cha agogo awo, osati chifukwa choiwala, koma chifukwa makolo anafuna kuwateteza ku chiseko chimene iwo anakumana nacho. Zikusintha pang'onopang'ono. Achinyamata akulemba Chisena pa Facebook ndi pa WhatsApp mosaopa, ndipo pa maukwati a m'tauni ulimba ndi utse zayamba kumveka.

Wofuna kudzionera yekha abwere liti?

Asabwere mu Januwale ndi kamera, pamene tili m'matenti. Abwere mu Juni kapena Julaye, kutentha kutachepa, madzi ataphwa. Atsike pa Tengani m'mawa, apemphe wa kabaza amuperekeze kumtsinje. Adzaona madimba ali biriwiri mpaka m'mphepete mwa madzi, mabwato akuoloka ndi matumba a chimanga ndi mbatata, Mozambique ali tsidya lija. Asayambe kujambula asanapereke moni. Akakumana ndi wachikulire, amuyandikire, aombe m'manja pang'ono, anene kuti "Muli tani, mbuya?" Akapatsidwa mpando ndi madzi akumwa, mawu oyankha ndi aja anandiseketsa ine tsiku loyamba ku sukulu: takhuta.